Matenda Amene Ana Amatengera kwa Makolo: Zimene Ofufuza Apeza

Tsiku la sikelo pa chipatala cha Likangala pamasonkhana amai ochokera m'midzi yambiri ya kwa Mwambo, ena ochokera kufupi ndi doko la Kachulu, ena ochokera ku minda ya mpunga. Ambiri mwa ana amene amabwera nawo amadwala matenda odziwika bwino, monga malungo, kutsekula m'mimba, chifuwa, likodzo ndi kunyentchera. Matenda amenewa amayamba chifukwa cha udzudzu, madzi oipa, tizilombo kapena kuperewera kwa chakudya. Koma alipo ana ena owerengeka amene bvuto lawo silichokera ku zinthu zimenezi ai. Iwo anabadwa nalo, ndipo linachokera m'chibadwa cha makolo awo.

Mwachitsanzo, mai wina angabwere ndi khanda la masiku 3 limene maso ake ndi khungu lake zasanduka zachikasu, ndipo likulephera kuyamwa. Apongozi ake, amene amperekeza, angauze namwino kuti, "Amai, mwanayu wina wamchita chipongwe, pakuti mkulu wake nayenso anatero atangobadwa." Namwino wodziwa ntchito yake sakangana ndi agogo otere. Iye amayankha mwaulemu kuti, "Agogo, mwachita bwino kunena za mkulu wake, chifukwa mau amenewo ndiwo atithandize kupeza gwero la matendawa." Zoona zake n'zakuti bvuto likamabwerezabwereza pa ana a bere limodzi, kawirikawiri chimakhala chizindikiro cha matenda otengera kwa makolo, osati ufiti.

CHITSANZO CHA CHIMERA

Mai aliyense wodziwa kuphika thobwa amadziwa ntchito ya chimera. Phala la ufa lokha silitsekemera, koma akathiramo chimera pang'ono limasungunuka ndi kuyamba kuzuna. M'chimera muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo akatswiri amatitcha maenzaimu. M'thupi la munthu mulinso maenzaimu a mitundu yambirimbiri, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yakeyake. Ena amagaya nsima ndi matemba, ena amachotsa zoipa m'magazi, ena amapanga mtundu wa khungu, ndipo ena amateteza magazi kuti asaonongeke.

Malangizo opangira enzaimu iliyonse mwana amawalandira kwa makolo ake pa nthawi imene mimba ikukhala. Tinthu tosunga malangizo amenewa m'Chingerezi amatitcha gene, ndipo ena pomasulira amati majini. Koma dzinali lisasokoneze munthu, pakuti silikukhudzana konse ndi majini a mizimu. M'phunziro lino titchedwa mbeu za chibadwa. Pa ntchito zambiri za m'thupi mwana amalandira mbeu ziwiri, ina kwa bambo, ina kwa mai. Mbeu imodzi ikakhala yolakwika, inzake yabwino ija imagwira ntchitoyo, ndipo munthuyo amakhala wathanzi osadziwa kanthu. Munthu wotere amatchedwa wonyamula. Koma mwana akalandira mbeu yolakwika kuchokera mbali zonse ziwiri, ntchito ija imaima, monga phala losowa chimera.

Kuti zimveke bwino, bambo ayerekezedwe kuti ali ndi nyemba ziwiri m'chikho, yoyera ndi yofiira, ndipo mai alinso ndi ziwiri zotero. Pa mimba iliyonse aliyense amatola nyemba imodzi atatsinzina. Zingatuluke zoyera ziwiri, kapena yoyera ya bambo ndi yofiira ya mai, kapena yofiira ya bambo ndi yoyera ya mai, kapena zofiira ziwiri. Mwana amadwala pokhapokha zikakumana zofiira ziwiri, ndiko kuti njira imodzi mwa njira 4. Nyembazo zimabwerera m'chikho, ndipo pa mimba yotsatira kutola kumayambanso. Chifukwa chake banja lina lingabereke ana 6 popanda wodwala ndi mmodzi yemwe, pamene lina lingabereke odwala awiri motsatana. Lamulo limeneli analitulukira Gregor Mendel poyesa nsawawa m'dimba, ndipo analilemba mu 1866.

CHIYAMBI CHA KAFUKUFUKU

Dokotala woyamba kuona kuti lamulo la Mendel limagwiranso ntchito pa matenda a ana anali Archibald Garrod wa ku London. Iye anafufuza ana amene mkodzo wawo unkada bii ukakhala pa mpweya, kotero kuti matewera awo ankathimbirira. Mu 1902 analemba kuti ambiri mwa ana amenewa anabadwa kwa makolo athanzi, ndiponso kuti ena mwa makolowo anali pachisuweni. Mu 1908 anaphunzitsa madokotala anzake za mabvuto 4 a mtundu wotere, ndipo limodzi mwa iwo linali chialubino.

Mu 1934 mai wina wa ku Norway anapita ndi ana ake awiri kwa dokotala Asbjørn Følling mu mzinda wa Oslo. Anawo sankakula bwino m'nzeru, ndipo maiyo anaumirira kuti anali ndi fungo lachilendo. Dokotalayo anamvera, nayesa mkodzo wawo, napeza matenda amene lero amatchedwa PKU. Mwana wa PKU thupi lake limalephera kugaya kachigawo kena ka zakudya zomanga thupi, ndipo kakachuluka m'magazi kamaononga bongo. Patapita zaka pafupifupi 20 madokotala a ku Birmingham anasonyeza kuti chakudya chapadera chimachepetsa bvutoli, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Robert Guthrie wa ku America anapeza njira yoyezera makanda potenga kadontho ka magazi ku chidendene ndi kukaumitsa pa pepala. Kuyambira pamenepo maiko ambiri amayeza khanda lililonse lisanaonetse chizindikiro.

PKU ndi yosowa kwambiri pakati pa anthu akuda a mu Africa. Komabe nkhani yake ili ndi phunziro kwa makolo onse: amene anayamba kuona bvutolo anali mai wa ana, ndipo mankhwala anapezeka chifukwa dokotala anamva mau ake. Kuno ku Malawi mabvuto otengera amene amapezeka kawirikawiri ndi ena, ndipo atatu mwa iwo ndiwo afotokozedwe pano.

ZIMENE ZAPEZEKA M'MALAWI

M'zaka za 2015 ndi 2016 ofesi ya boma yoona za kalembera, imene likulu lake lili ku Zomba, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe ena, inachita kafukufuku wa kadyedwe m'dziko lonse. Magazi a ana osakwana zaka 5 oposa 1,000 anayezedwanso kuti aone mbeu za chibadwa, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2018. Zinaonetsa kuti pafupifupi mnyamata mmodzi mwa anyamata 5 ali ndi bvuto loperewera enzaimu yotchedwa G6PD, ndiponso kuti ana pafupifupi 9 mwa 100 ndi onyamula mbeu ya sickle cell. Ana oposa theka anali ndi mbeu imodzi kapena zingapo za mabvuto otengera a magazi, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anali athanzi.

Kafukufuku wina anachitika m'chigawo chapakati, kumene anayeza makanda oposa 10,000, ndipo anasindikizidwa mu 2021. Anapeza kuti makanda pafupifupi 7 mwa 100 anali onyamula mbeu ya sickle cell, ndipo pafupifupi khanda limodzi mwa 1,000 linali ndi matenda enieniwo. Chisanafike chaka chimenecho, mu 2008, ofufuza a ku Blantyre ndi ku Chikwawa anali atalemba za ana 381 amene anagonekedwa m'chipatala atatha magazi kwambiri. Anthu ambiri ankaganiza kuti gwero lalikulu ndi kuperewera kwa ayironi, koma ofufuzawo anapeza kuti zimene zinkayenda limodzi ndi bvutoli ndi tizilombo ta m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, HIV, kusowa kwa mavitamini A ndi B12, komanso kuperewera kwa G6PD.

Wina angafunse chifukwa chake mbeu zimenezi zili zochuluka chotere. Yankho ndi malungo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anafufuza ku East Africa, anasonyeza kuti mwana wonyamula mbeu imodzi ya sickle cell sagwidwa kawirikawiri ndi malungo oopsa, ndipo pambuyo pake zofanana nazo zinapezekanso pa G6PD. Kwa mibadwo yambiri, m'madera a udzudzu wochuluka monga m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ana onyamula mbeu zimenezi ankapulumuka kuposa anzawo, nakula, napatsira ana awo. Motero mbeuzi si temberero pa mtundu wa munthu ai. Komabe chitetezo chake n'chochepa, ndipo mwana aliyense ayenera kugona m'masikito usiku uliwonse.

BVUTO LOYAMBA: KUPEREWERA KWA G6PD

Magazi ndi ofiira chifukwa cha timaselo tofiira timene timanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse. Enzaimu ya G6PD ndiyo mlonda wa timaselo timeneti. Ikaperewera, munthu amakhala bwinobwino masiku ambiri, koma akakumana ndi mankhwala ena kapena matenda otentha thupi, timaselo tambiri timasweka nthawi imodzi. Bvutoli linadziwika mu 1956 ku Chicago, pamene ofufuza ankafuna kudziwa chifukwa chake anthu ena ankatha magazi atamwa mankhwala a malungo otchedwa primaquine.

Katengedwe kake n'kosiyana pang'ono ndi chitsanzo cha nyemba chija. Mtsikana amalandira mbeu ziwiri za G6PD, koma mnyamata amalandira imodzi yokha, yochokera kwa mai ake. Ikakhala yolakwika alibe ina yomuthandiza, ndipo ndicho chifukwa chake bvutoli limaoneka kwambiri mwa anyamata. Izi sizipereka mpata wonyoza mai, pakuti iyenso mbeuyo anailandira kwa bambo ake kapena kwa mai ake osasankha, ndipo bambo amene ali nayo amaipatsira ana ake onse aakazi.

Ngozi yoyamba imadza m'sabata yoyamba ya moyo. Makanda ambiri amakhala ndi chikasu chochepa chimene chimatha chokha, koma khanda loperewera G6PD chikasu chake chingakwere msanga mpaka kufika ku bongo. Mwana wotere angamwalire, kapena kukhala wosamva, kapena wouma ziwalo moyo wake wonse. Mai ayenera kuyang'ana khanda lake panja powala tsiku lililonse m'sabata yoyamba, makamaka m'maso, m'nkhama, m'zikhato ndi kumapazi. Chikasu chikaoneka tsiku loyamba lenileni, kapena chikafika m'zikhato ndi kumapazi, kapena mwana akamagona kwambiri, kukana bere, kulira mokuwa kapena kupindikira kumbuyo, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwambo wa chikuta usanathe. Chikasu chopitirira masabata awiri chifunikanso kuonedwa. M'zipatala zazikulu mwana amaikidwa pansi pa nyali yapadera imene imasungunula chikasucho, ndipo mai amapitiriza kuyamwitsa. Kuyanika khanda pa dzuwa kunyumba sikulowa m'malo mwa chithandizo chimenechi.

Ngozi yachiwiri imadza mwana atakula. Patapita tsiku limodzi kapena masiku atatu atamwa mankhwala ena kapena atadwala, mwana amafooka, m'zikhato mumayera, maso amachita chikasu, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. M'dera la nyanja ya Chilwa, kumene likodzo ndi lofala, makolo angaganize kuti ndi likodzo. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa likodzo amatulutsa magazi ofiira, kawirikawiri pomaliza kukodza, ndipo amakhala akusewera monga mwa masiku onse. Pamene wa G6PD mkodzo wonse umada ndipo amafooka mwadzidzidzi. Mwana wotere angafunike kuikidwa magazi mwamsanga.

Mankhwala odziwika kuti amayambitsa bvutoli ndi monga primaquine, dapsone ndi nitrofurantoin. Mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, amene munali dapsone ndipo anayesedwa m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, anachotsedwa pa msika mu 2008 zitaoneka kuti ankathetsa magazi mwa ana operewera G6PD. Mankhwala a LA, amene boma linayamba kupereka mu 2007, alibe bvuto limeneli, ndipo mwana wopezeka ndi malungo ayenera kumaliza mlingo wake wonse. Chinthu china choopsa ndi timibulu toyera tonunkha timene anthu amaika m'masutikesi pothamangitsa mphemvu ndi njenjete. Nsalu ndi zobvala za khanda zisasungidwe pamodzi ndi timibulu timeneti. Makolo apewenso kugulira ana mapiritsi osadziwika m'magolosale ndi m'misika, ndipo ngati mwana anadapo mkodzo atamwa mankhwala, zimenezi zilembedwe m'buku lake la kuchipatala ndi kunenedwa ulendo uliwonse.

BVUTO LACHIWIRI: CHIALUBINO

Khungu, tsitsi ndi maso zimada chifukwa cha utoto wachibadwa wotchedwa melanini, umene umatetezanso khungu ku dzuwa. Mwana wachialubino thupi lake limapanga utoto wochepa kwambiri. Kupatula khungu ndi maso, thupi lake ndi nzeru zake n'zofanana ndi za mwana wina aliyense. Ofufuza a ku Johannesburg analemba mu 1982 kuti ku Soweto munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 3,900 anali wachialubino, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunapezeka kuti ambiri mwa anthu achialubino a kum'mwera kwa Africa ali ndi kusintha kofanana pa mbeu imodzi yotchedwa OCA2. Kuno ku Malawi kalembera wa 2018 analemba anthu achialubino 134,636.

Chialubino chimatsata ndendende chitsanzo cha nyemba chija. Mwana wachialubino sangabadwe pokhapokha bambo ndi mai onse awiri atampatsa mbeuyo, ngakhale iwo eni ali akuda bii. Chotero bambo amene amathawa banja ponena kuti mkazi wake anayenda ndi mzungu, kapena kuti ku mtundu kwawo kulibe zotere, amathawa mwana wake weniweni. Mbeu ingayende mobisika kwa mibadwo yambiri isanakumane ndi inzake. Chialubino sichiyamba chifukwa chakuti mai woyembekezera anaseka kapena kukhudza munthu wachialubino, ndiponso sichipatsirana podyera mbale imodzi.

Mdani wamkulu wa mwana wachialubino ndi dzuwa. Limaotcha khungu, ndipo pakapita zaka timabala timasanduka khansa, imene yapha anthu ambiri achialubino asanakalambe. Ku nyanja ndi m'minda ya mpunga ngoziyi imakula, chifukwa madzi amabweza kuwala kwa dzuwa ndipo mthunzi ndi wosowa. Kuyambira ali khanda, mwana wotere abvekedwe chipewa cha mlomo waukulu chophimba makutu ndi khosi, malaya a manja aatali ndi chobvala chofika kumapazi. Asatumidwe kukaingitsa mbalame ku mpunga kapena kukayanika matemba dzuwa lili paliwombo. Ntchito zake zikhale za m'mawa, za madzulo kapena za pamthunzi. Mafuta oteteza ku dzuwa, amene amaperekedwa m'zipatala za boma pamene alipo, apakidwe tsiku lililonse kumaso, m'makutu, m'khosi, m'milomo ndi m'manja, ngakhale kunja kuli mitambo. Bala lililonse losapola pakatha masabata angapo, kapena kachotupa kokhakhala, zionetsedwe ku chipatala, pakuti zikadali zazing'ono zimachizika mosabvuta.

Maso a mwana wachialubino amagwedezeka ndipo saona bwino patali. Ku sukulu akhale kutsogolo, aphunzitsi alembe zilembo zikuluzikulu, ndipo aloledwe kuyandikiza buku kumaso ndi kubvala chipewa. Mwana wothandizidwa chotere amaphunzira monga anzake. Mu 2021 a Overstone Kondowe, amene anatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo m'boma la Nkhotakota, ndipo anali munthu woyamba wachialubino kulowa m'nyumbayi.

Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino anayamba kubedwa ndi kuphedwa m'maboma angapo, kuphatikizapo Machinga, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango pa milandu imeneyi. Kafukufuku wa zaka zoposa 100 wasonyeza chinthu chimodzi chokha chosiyana m'thupi la munthu wachialubino, ndicho kuchepa kwa utoto. Mafupa ake ndi magazi ake n'chimodzimodzi ndi a munthu aliyense. Maina onyoza monga napweri ayenera kuleka, ndipo mafumu ndi anthu a m'mudzi ali ndi udindo woonetsetsa kuti mwana wotere akuyenda ndi anzake popita ndi pobwera ku sukulu.

BVUTO LACHITATU: SICKLE CELL

Matenda awa sachokera ku enzaimu, koma katengedwe kake n'kofanana ndi ka chialubino. Timaselo tofiira ta munthu wathanzi ndi tozungulira ndi tofewa, koma ta mwana wa sickle cell timapindika ngati chisikilo chomwetera mpunga, ndipo timatseka timitsempha ting'onoting'ono ndi kufa msanga. Dokotala James Herrick wa ku Chicago ndiye anayamba kulemba za timaselo totere mu 1910.

Khanda limaoneka labwino miyezi yoyambirira, ndipo zizindikiro zimayamba pafupifupi pa miyezi 6. Choyamba kawirikawiri ndi kutupa kowawa kwa manja ndi mapazi, mwana n'kumalira akakhudzidwa. Pambuyo pake amatha magazi pafupipafupi, maso amachita chikasu, mafupa amaphwanya, kapamba amatupa, ndipo amakula mochedwa. Mwana amene waikidwa magazi kawiri kapena katatu, kapena amene abale ake anamwalira ali aang'ono ndi zizindikiro zotere, ayenera kupemphedwera kuyezedwa. Kutema mphini pa malo otupa kumangoonjezera ululu ndi kulowetsa tizilombo.

Kale ana ambiri otere ankamwalira asanakwane zaka 5, koma kafukufuku wasintha zinthu. Mu 1986 ofufuza a ku America anasonyeza kuti penisilini womwa tsiku ndi tsiku amateteza ana amenewa ku tizilombo toopsa ta m'magazi. Mu 2011 Malawi anayamba kupereka katemera wa chibayo kwa makanda onse. Ndipo kafukufuku wa ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, amene anasindikizidwa mu 2019, anasonyeza kuti mankhwala otchedwa hydroxyurea amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa mwa ana a mu Africa. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi masiku oonera ana amenewa, ndipo wa ku Likangala amayamba watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Kunyumba, mwana wotere amwe madzi ambiri, afundidwe bwino m'miyezi ya June ndi July, asasambe madzi ozizira a m'nyanja m'mamawa, alandire katemera yense, ndipo adye ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso pamodzi ndi nyemba, nandolo ndi nsomba. Thupi likangotentha apite naye ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku.

MAU KWA ANKHOSWE NDI ENI MBUMBA

M'midzi yambiri ya m'boma la Zomba mwamuna amakhala chikamwini, ndipo nkhani za ana zimafika kwa atsibweni ndi ankhoswe. Akuluakulu amenewa akamaweruza banja limene labereka mwana wodwala, adziwe kuti palibe kholo limene linasankha mbeu yopatsa mwana wake. Kuthetsa ukwati sikuchiza mwana, koma kumamchotsera mmodzi wa anthu omusamala. Kuloza chala agogo okalamba kuti ndi mfiti kumaononga mudzi, ndipo nthawi imene imatha pofunafuna wolakwa ndiyo imene mwana akanafika nayo ku chipatala.

Anthu a pachibale amakhala ndi mbeu zambiri zofanana, chifukwa anazilandira kwa kholo limodzi. Chotero ukwati wa pachisuweni umaonjezera mpata wakuti mbeu ziwiri zolakwika zikumane, monga anaonera Garrod. Izi sizitanthauza kuti ana a asuweni onse amadwala ai. Ambiri amabadwa athanzi. Koma ngati m'mtundumo muli kale sickle cell, kapena makanda akhala akumwalira motsatana popanda chifukwa chodziwika, n'kwanzeru kuti mnyamata ndi mtsikana akafunse uphungu ku chipatala asanalowe m'banja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

OFUFUZA AKAFIKA M'MUDZI

Zonse zimene zafotokozedwa pano zinadziwika chifukwa makolo ena analola kuti ana awo ayezedwe. Komabe anthu ali ndi ufulu wofunsa, makamaka pokumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinabvutitsa maboma a kum'mwera mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa. Kafukufuku weniweni wa zaumoyo amayamba wabvomerezedwa ndi komiti ya boma yoona za kafukufuku kapena ya sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu, ndipo ofufuza amadzera kwa akuluakulu a zaumoyo a m'boma ndi kwa mafumu. Iwo ayenera kufotokoza m'chinenero chimene kholo likumva cholinga chawo, kuchuluka kwa magazi amene atenge, ndi kumene apite nawo. Poyeza mbeu za chibadwa kawirikawiri amatenga madontho owerengeka okha ku chala kapena ku chidendene. Kholo lili ndi ufulu wobvomera, wokana, kapena wosiya pakati, ndipo wokana salandidwa chithandizo cha kuchipatala. Amene wakayika akafunse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, osati kuutsa chipolowe.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Matenda otengera sapatsirana, sachokera ku ufiti, ndipo si mlandu wa mai kapena wa bambo.

Khanda lachikasu m'zikhato ndi kumapazi, kapena lokana bere, lipite ku chipatala tsiku lomwelo.

Mwana wofooka mwadzidzidzi, wa mkodzo wakuda, kapena wotupa manja ndi mapazi afunika kuonedwa msanga, ndipo wa sickle cell asagone kunyumba thupi likutentha.

Mwana wachialubino afunika chipewa, zobvala zophimba thupi, mafuta oteteza ku dzuwa, malo a kutsogolo m'kalasi ndi chitetezo cha mudzi wonse.

Pofika kwa dokotala kapena namwino, kholo linene mbiri yonse ya banja: ana amene anadwala mofanana, amene anamwalira ali aang'ono, ndi mankhwala amene mwana anamwa, a kuchipatala ndi achikuda omwe. Buku la kuchipatala la mwana lisungidwe pouma, ndipo linyamulidwe ulendo uliwonse.